Kamphira kamene kanapsa m'madzi

Ndinanyamuka pa Mandimba Lachiwiri titangotuluka ku swala ya m'mawa. Kunali kutatsala masiku atatu kuti tichite arobaini ya achimwene anga a Saidi, sadaka ija timachita munthu akatha masiku makumi anayi m'manda. Katundu wanga anali thumba limodzi la mpunga, m'kati mwake muli bomba la madzi la boti lawo.

Ndikufotokozereni kaye, poti ena a inu boti mumangoliona pafoni. Achimwene anagula boti lakale la injini ya m'kati, loti azinyamulira anthu ndi nsomba pa nyanja ya Amaramba. Kumbuyo kwa boti lotere kumakhala mwendo wachitsulo wolowa m'madzi, amisiri amati rabeta, ndipo m'mwendomo ndi mmene muli bomba lokoka madzi oziziritsa injini. Mtima wa bombalo ndi kamphira kakuda ka mapiko asanu ndi limodzi, kosaposa chikhatho cha mwana. Katsopano ndinaikamo ndine ndi manja angawa. Ndimakonza njinga zamoto pamsika, ndipo nthawi imeneyo ndinkadzimva kuti palibe chitsulo chingandikane.

Tsiku loyamba panyanja injini inatentha pakati pa madzi, inafuka utsi n'kuzima. Achimwene analowa m'madzi kukaona ngati udzu watseka mwendo uja. Anawapeza mawa lake m'bango. Titakokera boti kunyumba ndinamasula bomba, n'kupeza kamphira kaja katapsa, katanyenyeka, kakununkha ngati tsitsi lowauka. Azakhali anga anafunsa funso limodzi lokha: "Chinthu chimapsa bwanji chili m'madzi?" Kuyambira pamenepo maso onse anali pa alamu anga Asiyatu, mkazi wa malemu, amene kwawo ndi ku Mecanhelas ndipo za botizi ankazikana kuyambira pachiyambi; anthu ankanong'ona kuti ndiwo analodza botilo. Akuluakulu anagwirizana kuti arobaini ikatha awauze amange nsalu zawo azipita, ana awiri atsale.

Kunyumba ndinanena kuti ndikukagula kamphira kena ku Cuamba. Zoona zake ndinkafuna munthu woti andiyankhe funso la azakhali.

Shapa, minibasi ya kwathu kuno, inadzaza dzuwa litatuluka. Ndinalipira mametikali 350, ndipo kobradoro, uja wotolera ndalama, anafuna kuponya thumba langa padenga. Ndinakana. Ndinakhala pafupi ndi agogo ena aakazi onyamula nkhuku, olankhula Chichewa cha ku Malawi chenicheni, chosonyeza kuti anakhalako zaka za nkhondo.

"Mwananga, n'chiyani chimene wachifungatira ngati khandachi?"

"Bomba, agogo."

Abale inu! M'galimoto monse munangoti zii. Woyendetsa anazimitsa wailesi n'kuyamba kuchepetsa liwiro. Kwa ife amene tinanyambitako Chipwitikizi kusukulu, bomba ndi chopopera madzi. Kwa anthu amene anathawa msewu womwewu ali ndi ana kumsana, bomba ndi limodzi lokha. Ndinamasula thumba msangamsanga n'kuonetsa aliyense, ndipo anthu anaseka mpaka wina kutsamwa. Agogo aja okha sanaseke.

"Bomba ndi bomba," anatero chapansipansi. "Limeneli lapha kale munthu."

"Wakuuzani ndani, agogo?"

"Mmene waligwiriramo."

Anatembenukira kuwindo ndipo sanandilankhulenso.

Patapita ola tinafika pa mlatho wa Lugenda, mtsinje umene umatuluka m'nyanja ya Amaramba. Ndinayesetsa kusayang'ana pansi. Tili pakati pa mlatho ndinamva bondo langa likuzizira. Thumba linali kudontha. Bomba limenelo linakhala patebulo langa mwezi wathunthu, louma gwa, koma apa madzi anali kutuluka dontho limodzilimodzi, onunkha matope a m'bango. Kobradoro anaona buluku langa n'kuseka: "Bwanawe, nkhuku ya agogo yakudalitsani!" Ndinasekera limodzi naye, koma nkhukuyo inali mbali inayo.

Tinalowa mu Cuamba dzuwa litakwera, kukutentha koti munthu n'kudana ndi malaya ake. Sitima ya malasha inatiimitsa panjanji, yaitali ngati ilibe mchira. Nditatsika ndinadya pau, buledi wa kwathu, wa bajiya ziwiri ndi tiyi, kenaka ndinayamba kuzungulira masitolo a zitsulo. Woyamba anandipatsa lamba wa chigayo. Wachiwiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Boti ku Cuamba kuno? Mukaliyendetsa panjanji?"

Sitolo yachisanu inali ya mayi wina wolankhula Chimakuwa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anatenga bomba lija, analinunkhiza, n'kulikankhira kwa ine ndi nsonga za zala.

"Kuno simukapeza. Pitani ku Ngauma, pa Massangulo, mukafunse Che Omari. Anakonza maboti kunyanja yaikulu mpaka maso anawathera. Koma bambo, mukafika musakawanamize."

Sindinamvetse chifukwa chake ananena zimenezo, poti ine sindinkadziwa kuti ndili ndi bodza. Ndinagona m'kachipinda kuseri kwa msika. M'mawa ndinapeza simenti ya pansi pa bedi, pamene ndinaika thumba, itanyowa mozungulira ngati pachotsedwa ndowa.

Lachitatu ndinakwera shapa ya ku Lichinga, mametikali 500 mpaka pa Massangulo. Msewu wake ndi womwe uja, ndiye kuti tinadutsanso pa Mandimba chakumasana. Titaima pamsika kuti ena atsike, ndinaona alamu Asiyatu atasenza thumba la mpunga wa arobaini, mpunga woti aphikire anthu amene adzawathamangitse akakhuta. Anali ataonda zedi. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato mpaka galimoto inanyamuka. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Kupitirira Mandimba msewu umayamba kukwera, ndipo mphepo imasintha. Pofika ku Massangulo mapiri anali atafunda nkhungu masana enieni, kukuwaza kamvula kosanyowetsa. Ndinagula chimanga chootcha kuti ndifunditse manja. Bambo wa njinga ya takisi anavomera kundipereka kwa Che Omari, koma titafika pa mtengo wa mango, nyumba ikuonekera patali, anaima.

"Ine ndithera pano."

"Bwanji, mwatopa?"

"Ayi. Madala amenewo amamva zimene munthu sunanene."

Che Omari ndinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa, maso oyera ngati mkaka. Zitsulo zinali zitandandalikidwa mowazungulira, chilichonse pamalo pake. Ndisanamalize n'komwe salamu anakweza dzanja.

"Waalaikum salamu. Chikudonthacho musaike pamphasa."

Ndinawapatsa bomba m'manja. Analimasula osafunsa kuti ndi la chiyani, anakhuthulira zinyenyeswa za kamphira m'chikhatho, anazinunkhiza, n'kupisa chala m'kati mwa chibekete chake.

"Injini iyi munailiza pamtunda."

Silinali funso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma mawu a mayi wa ku Cuamba anandiletsa. Ndipo ndinakumbukira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti boti lipite kunyanja, linali pangolo yake pabwalo la kwathu. Tinaitana shehe kuti alichitire dua. Kwathu chinthu chatsopano, kaya njinga yamoto kaya chigayo, timachiliza pamene shehe akupemphera, kuti dua ichipeze chili moyo. Amayi anga miyendo inawafooka kale, kunyanja sakanafika, ndiye anati, "Yusufu, iliza ndiimveko injini ya mkulu wako." Ndinailiza. Njinga zamoto ndimaziliza pouma tsiku ndi tsiku, ndiye ndikanaopa chiyani? Azimayi analulutira, shehe anayamba. Pakati pa dua ndinamva kafungo, ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi anandigwira malaya. "Usazimitse, dua sinathe."

Ndinawauza Che Omari zonsezi.

"Inalira nthawi yaitali bwanji?"

"Kutalika kwa dua."

"Shehe wanu ndi wofulumira?"

"Ayi, bambo. Ndi wodekha."

Anapukusa mutu. "Mwananga, kamphira aka moyo wake ndi madzi. Kakazungulira pouma kamapsa munthu asanamalize Fatiha, pemphero lalifupi lija. Sikanapse m'madzi ayi. Kanapita kunyanja katapsa kale, pakhomo panu."

Ndinalira, ine bambo wa ndevu, pakhonde la munthu amene sindinamuonepo. Sananditonthoze. Anadikira mpaka ndinamina, kenaka anakoka chitini cha mkaka wa ufa n'kutulutsamo kamphira katsopano.

"Bweretsani manja."

Anandigwira zala n'kundiphunzitsa ngati mwana wa m'madarasa. Upake sopo m'kati mwa chibekete kuti mapiko aterere. Kakiyi kakang'ono kogwira kamphira kumtengo wachitsulo usakataye, ukagwire ndi girizi. Potsitsa chibekete uzipotokola mtengowo mmene uyendera muvi wa wotchi, kuti mapiko onse agonere mbali imodzi. Kambale kachitsulo ka pansi kakakandika, usinthe. Ndipo usadzakhudzenso kiyi wa injini mwendo usanamire mumgolo wa madzi, ngakhale akuuze ndani.

Atatero anandandalika zidutswa zopsa zija pamphasa, akuzipapasa chimodzichimodzi.

"Mapiko ndi asanu ndi limodzi. Pano pali asanu. Linalo linathothoka, lili m'paipi yopita ku injini. Mukalisiya momwemo litseka madzi, liphanso wina."

Potsanzika ndinafunsa chimene chinkandisautsa njira yonse. "Nanga kudonthaku, bambo? Bomba louma mwezi wathunthu?"

Anatembenuzira maso oyera aja kumene kunali thumba. "Za mphira ndakuyankhani. Za madzi sindidziwa."

Ndinabwerera pa lole ya nyemba, nditakhala pamwamba pa matumba, ndipo tinalowa mu Mandimba anthu akutuluka ku swala ya madzulo. Njira yonse ndinkakambirana ndi mtima wanga. Ndikanatha kungoika kamphira katsopano n'kukhala chete. Alamu akanapita Loweruka, ine n'kutsala makaniko wabwino uja, mwana wa amayi.

Lachinayi m'mawa ndinamasula mapaipi a injini limodzilimodzi. M'paipi yachiwiri, pokhota, ndinalipeza phiko lija litapanikizika, lakuda, lopiringizika ngati chala. Ndinamanga bomba monga anandiphunzitsira, ndinadzaza mgolo mpaka mwendo unamira, n'kuliza injini. Madzi anatuluka kumbuyo bwinobwino. Phokosolo linatulutsa aliyense: azimayi amene ankapeta mpunga, azakhali, ndi amayi atagwiririra khoma. Ndinazimitsa. Ndinapita pamphasa ya amayi, ndinagwada, n'kuyala mapiko onse asanu ndi limodzi patsogolo pawo.

"Azakhali, munafunsa kuti chinthu chimapsa bwanji m'madzi. Sichinapse m'madzi. Chinapsa pabwalo pano, tsiku la dua, pamene ndinaliza injini pouma. Alamu alibe mlandu. Ndine."

Za kundigwira malaya sindinatchule. Azakhali anaomba m'manja. "Mwaona? Asiyatu wamudyetsa mankhwala nayenso uyu kuti azimuikira kumbuyo!"

Amayi anatola mapiko aja limodzilimodzi, kenaka anaika lomaliza pamphuno.

"Fungo ili ndikulidziwa," anatero. "Unafuna kuzimitsa, Yusufu. Ndinakuletsa ndine." Misozi inali kutsika koma mawu sanagwedere. "Asiyatu ali kuti?"

Anali kuseri kwa nyumba, akumanga nsalu zawo m'chitenje. Amayi anatuma mkazi wanga. "Kawauze amasule mtolowo. Abwere adzakhale pano, pambali panga."

Alamu anabwera pang'onopang'ono n'kukhala kumphepete kwa mphasa. Sanandiyang'ane. Anayang'ana mapiko aja.

"Inenso ndinalimva fungolo tsiku lija," anatero. "Ndinaopa kunena. Ndine wobwera."



Ndinayenda masiku awiri, Cuamba ndi Ngauma, kufunafuna yankho limene linali pabwalo lathu lomwe, m'mphuno mwa anthu atatu amene tinanunkhiza utsi n'kukhala chete. Arobaini inachitika Lachisanu, ndipo alamu anagawira mpunga ali pakhomo pawo, ana awo ali m'mbali. Thumba lija ndinalipeza madzulo pansi pa boti, litauma gwa. Koma mpaka lero, munthu akandibweretsera njinga yamoto, ndisanagwire kiyi maso anga amayamba afunafuna mgolo wa madzi.