Bokosibode Yachikasu ya Abiti Hamdani

Anthu amene amadutsa pa Area 2 masiku ano, akuliza mahutala ngati msewu anachita kugula, sadziwa kuti kuseri kwa sitolo ina yogulitsa mafoni kuli khoma la njerwa za mitundu iwiri. Sadziwa, ndipo safunsa. Mayina a osewera mpira a kunja amawatchula ali m'tulo, koma dzina la Asiatu Hamdani, mayi amene khomalo linagumulidwira, palibe analilemba ngakhale pa kanjira ka mbuzi.

Inali nthawi ya Chitaganya. Lilongwe anali katauni ka fumbi, maofesi a boma tsidya lina la mlatho, msika ndi masitolo a Amwenye tsidya lino. Kumene kuli City Centre lero kunali minda ndi tchire. Munthu wakuda akafuna shuga m'sitolo ya azungu ankaima pawindo ngati wopemphetsa, ndalama yake ili m'manja. Ena atopa nazo kumva zimenezi. Atope.

Asiatu, amene anthu ankamutcha Abiti Hamdani monga amachitira Ayao, anali mwana yekhayo wa Che Hamdani, dalaivala wa Bwana Hasmukh, Mmwenye wogulitsa nsalu ndi zitsulo. Mayi ake anamwalira iye ali namwali. Mwamuna wake anapita ku Halale kukasaka ntchito, n'kutchona. Choncho Asiatu ankakazinga zitumbuwa pamsika, n'kumaphikira bambo ake.

Kenaka maso a Che Hamdani anagwa ng'ala. Lakumanzere linazima, lakumanja linayamba kuona ngati m'mawa wa nkhungu. Tsiku lina atatsala pang'ono kugunda ngolo pamlatho, mkuluyo anaimika lole, n'kupita yekha kukapereka makiyi. Bwana Hasmukh anawafunsa chimene akufuna monga chowathokozera pa zaka zonse zija. Iwo analoza kubwalo la kuseri kwa sitolo, kumene kunali galimoto yakale yokhala ndi bodi ya matabwa kumbuyo, imene anthu ankaitcha bokosibode. Inafa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo kuyambira pamenepo inangokhala pa njerwa.

“Chitsulo chimenecho? Muli nkhuku za akazi anga mmenemo, Che Hamdani.”

“Nkhukuzo zitsale, bwana. Ine ndikufuna galimoto.”

“Mudzayendetsa ndi maso ati?”

“A mwana wanga.”

Bwana Hasmukh anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera. Anawalolanso kugwirira ntchito m'bwalo momwemo, poti mumtima mwake ankadziwa kuti chinthucho sichidzasuntha.

Asiatu sanaseke. Pobwerera kunyumba bambo ake anamugwira paphewa, monga anali atayamba kuchitira podutsa msewu, n'kunena kuti: “Ndilibe munda woti ndikusiyire, ndilibe ng'ombe. Chimene ndili nacho chili m'manja mwangamu. Ndikufuna ndiione galimoto ija ikuyenda, iwe uli pachiwongolero, diso ili lisanatseke. Basi.”

Anayamba mvula itangosiya. M'mawa Asiatu ankagulitsa zitumbuwa, masana n'kulowa m'bwalomo pa kachitseko ka m'mbali mwa sitolo, atamanga nsalu yakale pamwamba pa yabwino. Anachotsa zisa za nkhuku. Anatulutsa makoswe amene anadya mipando. Bambo ake anayala masaka pansi n'kumulamula kuti chilichonse chimene wamasula aziika motsatana, kuyambira kumanzere, ndipo asadumphe chitsulo ngakhale chimodzi.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kodabwitsa. Mkuluyo ankagwira chitsulo, n'kuchisisita ndi chala, n'kuchinunkhiza, kenaka n'kufunsa: “Mtundu wake?”

“Chakuda, ababa.”

“Chakuda cha mwaye kapena chakuda cha oyilo?”

“Chakuda basi.”

“Iwe, ngakhale chitumbuwa chopserera ndi chakupsa bwino umati zonse n'zofiira? Yang'ananso.”

Asiatu ankayang'ananso. Pang'onopang'ono anaphunzira kuona zimene zala za bambo ake zinkamva. Anatsuka mapulagi ndi palafini. Anadula magasiketi pa chikopa cha nsapato zakutha. Rediyeta, imene inkadontha ngati dengu, anaimata ndi mtovu wa okhoma zidebe. Mipando anaiphatika ndi thonje n'kuisoka yekha. Zitsulo zimene zinasoweratu ankakazitola kudzala la magalimoto akufa kuseri kwa galaja ina ya azungu, kumene amakaniko ankamufunsa ngati akufuna zophikira. Ena mwa amakaniko amenewo anafa osakonzapo injini yathunthu ndi kamodzi komwe, koma pakamwa anali akatswiri.

Zala zake zinang'ambika, ndipo makasitomala ena anayamba kudandaula kuti zitumbuwa zikumveka girisi. Iye sanabwerere m'mbuyo, chifukwa ankaona chimene ena sankaona: sabata iliyonse bambo ake ankayandikitsa chitsulo kufupi ndi nkhope kuposa sabata yapita.

Mboni ya zonsezi anali Amayi Manjula, akazi a Bwana Hasmukh. M'mawa uliwonse ankatuluka atasamba, ndi kambiya ka mkuwa, kukathirira kachitsamba kawo kopatulika kotchedwa tulasi, kamene kanali pa kaguwa ka njerwa kogundana ndi khoma la kumsewu. Ankakazungulira akunong'ona mapemphero. Palibe wantchito ankaloledwa kukakhudza. Madzulo ankabweretsera awiriwo tiyi wa tsabola n'kuima kanthawi, akupukusa mutu.

Kuyendetsa nako Asiatu anaphunzirira pomwepo, galimoto ili pa njerwa, matayala akulendewera. Bambo ake ankakhala pambali n'kumatchula msewu wa m'mutu mwawo: apa chitunda, apa mlatho, apa ng'ombe za munthu wopanda nzeru. Iye ankaponda kilachi n'kusintha magiya, nkhuku zikumuyang'ana.

Mtundu wa penti anasankha yekha. M'sitolo munali zitini za penti wachikasu amene palibe ankamugula. Bwana Hasmukh anati galimoto yaulemu imakhala yakuda. Asiatu anangoti wachikasu ndi amene wamukonda. Sananene kuti tsiku lina anaona bambo ake akulephera kuzindikira munthu amene anawapatsa moni, koma n'kutembenukira mpendadzuwa wa m'mbali mwa njira.

Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, tsiku linakwana. Anatsitsa galimoto pa njerwa, anathira petulo, Asiatu n'kugwira hendulo yolizira injini kutsogolo. Anapukusa mpaka thukuta kulowa m'maso. Injini inatsokomola, inakhala chete, inatsokomolanso, kenaka inagwira. Utsi unadzaza bwalo. Che Hamdani anaika dzanja pa boneti, mutu ataupendeketsa, akumvetsera ngati munthu amene wamva mawu a m'bale wake pagulu.

“Alhamdulillah,” anatero. “Tsopano tsegula geti, titulutse.”

Asiatu anayang'ana kumene bambo ake ankaloza.

“Geti, mwana wanga. La kumsewu, limene ndinalowetsera galimotoyi.”

“Ababa, kulibe geti. Kuli khoma.”

Nkhani yake inali yotere. Che Hamdani atakankhira galimotoyo m'bwalomo kalekale, mbali ya kumsewu kunali mpata waukulu wotseka ndi malata. Patapita zaka, akuba atavuta, Bwana Hasmukh anamangapo khoma, Amayi Manjula n'kusamutsira tulasi wawo pamenepo. Mkuluyo ankakhalira pamsewu ndi lole, ndipo pamene anayamba kukhala m'bwalomo maso anali atafooka. M'mutu mwawo geti linali pomwe analisiya. Nanga Asiatu? Khomalo ankaliona tsiku ndi tsiku. Koma analeredwa kuti bambo safunsidwa ngati aganiza bwino. Ankangoti mumtima, ababa akudziwa njira.

“Miyezi yonseyi osandiuza?”

“Ndimayesa mukudziwa, ababa.”

“Umandiuza za mwaye wa pa pulagi, khoma lathunthu osandiuza?”

“Za khoma simunandifunse.”

Mbiri inafika pamsika dzuwa lisanalowe. Che Sadiki, mmisiri wa njerwa amene anamanga khomalo, anabwera kudzaona yekha. Anazungulira galimoto, anayang'ana kachitseko, n'kukhala pansi chifukwa cha kuseka.

“Achimwene, mwaphika phala m'botolo. Mudya bwanji? Kapena muimeretsa mapiko?”

“Seka umalize, kenaka undiuze pogumula,” anayankha Che Hamdani.

Che Sadiki atapukuta misozi anayeza ndi maso. Mbali imodzi inali sitolo, ina nyumba, ina nkhokwe ya katundu ya Mmwenye woyandikana naye. Pogumula panali pamodzi pokha, pa kaguwa ka tulasi. Bwana Hasmukh anakweza manja. Anati khoma ndi njerwa chabe, angathe kulola, koma chitsambacho si chake, ndipo iye sangayerekeze n'komwe kukapempha.

Njira ina inali yomasulanso galimoto yonse, kutulutsa chimodzichimodzi pa kachitseko, n'kukamangira panja. Che Hamdani anati achita zimenezo, sangavutitse mayi amene wawamwetsa tiyi miyezi yonseyi. Asiatu anawayang'ana akufufuza sipanala imene inali pafupi ndi phazi lawo, ndipo anadziwa kuti ntchito imeneyo idzatha diso litatseka kale.

M'mawa mwake sanapite kumsika. Anadikira Amayi Manjula amalize mapemphero, kenaka anagwada chapatali ndi kaguwako, nsapato atavula. Asanatsegule pakamwa, mayiwo anamuimitsa ndi dzanja, n'kupita pamene panakhala mkulu uja.

“Che Hamdani, mukundiona?”

“Ndikuona nsalu yanu, mayi. Nkhope ayi.”

“Galimoto mukuiona?”

“Imeneyo ndikuiona. Mwanayu anaipaka ngati dzungu.”

Amayi Manjula anayang'ana tulasi wawo. Kenaka anatembenukira kwa Asiatu n'kumuuza, m'Chichewa chawo chodukaduka, zimene iye sankadziwa. Anati pamene anabwera kudzakwatiwa, ali kamtsikana kosadziwa liwu limodzi la kuno, anatsika sitima ku Salima mvula ikugwa. Amene anakawatenga anali Che Hamdani, pa galimoto yomweyi. Pamiyendo ananyamula kachitini ka tulasi wochokera kwa mayi awo. Galimoto itatitimira m'matope, dalaivalayo anavula jekete yake n'kufunditsa kachitiniko asanayambe kukumba, osafunsa kuti kachitsambako n'kachiyani.

“Uyu ndi mdzukulu wa tulasi ameneyo,” anatero. “Galimotoyi akuidziwa. Ndimuzula ndekha, pa tsiku loyenera. Wina asakhudze. Iwe undipezere debe loyera.”

Tsiku loyenera kwa iwo linagwa Lachisanu. M'mawa anasamba, anakumba ndi manja awo, n'kuika chitsambacho m'debe limene Asiatu analikwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Swala ya masana itatha, amuna anachoka kumzikiti ndi mikanjo yawo yoyera, Che Sadiki ali patsogolo ndi nyundo. Anachotsa njerwa imodziimodzi n'kumapatsirana, kuti zidzagwirenso ntchito. Fumbi litayamba kukwera, Amayi Manjula anayang'ana uku ndi uku posowa pobisa debe lawo, kenaka anatsegula chitseko cha galimoto n'kukhala kutsogolo, debe pamiyendo.

“Mutsike tisanayende, mayi,” anatero Asiatu.

“Ndinakwera ndi bambo ako m'matope. Yendetsa.”

Che Hamdani anakana kukwera. Anati wokwera galimoto saiona. Anapempha Che Sadiki kuti awaimike pakati pa msewu, chakumunsi, dzuwa lili kumsana kwawo.

Asiatu anaponda kilachi. Aka kanali koyamba kuti matayala amvere phazi lake ali pansi, ndipo galimoto inadumpha ngati mbuzi yomasulidwa, n'kuzima. Amuna a mikanjo anaseka. Anailizanso. Ulendo uno inayenda, inakhula njerwa ndi bodi yake ya kumanzere, inatsikira mumsewu, n'kulunjika kumene kunaima mkuluyo. Che Sadiki anathawira m'ngalande. Che Hamdani sanasunthe. Galimoto inaima patsogolo pawo, pafupi moti anangotambasula dzanja n'kugwira boneti.

Asiatu anatulutsa mutu. “Mwaiona, ababa?”

“Ndaiona ikuchokera kukhoma. Ndakuonanso iwe, mpango wako.” Anapukuta nkhope ndi chipewa. “Wakhula khoma la eni ake. Ndipo giya yachiwiri walowetsa mochedwa.”

Kenaka anazungulira mogwiragwira mpaka pawindo la Amayi Manjula, n'kuima pamenepo dzanja lili pachifuwa. Mayiwo anawauza kuti achoke padzuwa.

Che Sadiki anamanganso khomalo mawa lake. Njerwa zina zinali zitasweka, ndiye anawonjezera zatsopano, zofiirira kuposa zakale. Tulasi anabwerera pamalo pake.

Diso lija linatseka mvula yoyamba isanagwe. Asiatu anavutika kupeza laisensi, poti woyesa madalaivala ankangomuyang'ana n'kumuuza kuti abwere mwezi wamawa, koma anaipeza. Bokosibode yachikasu inanyamula nkhuni, chimanga, odwala, akwati, ndi maliro a anthu amene abale awo sakanatha kulipira lole. Likulu litayamba kumangidwa, inanyamula chakudya cha amisiri amene anamanga nyumba za ku Area 14 ndi kwina, nyumba zimene lero mayi wotere atafikako akanaimitsidwa pageti n'kufunsidwa kuti akufuna ndani.

Zaka zonse zimene Che Hamdani anakhalabe ndi moyo, ankakhala pampando wa kumanzere, ndodo pakati pa miyendo, akumvetsera injini. Munthu akawapepesa za maso, ankayankha kuti palibe chopepesa, chimene ankafuna kuona anachiona. Ndipo galimoto ikamadutsa pa sitolo ya Bwana Hasmukh, ankadziwa ndi mabampu a msewu, n'kumuuza mwana wawo kuti achepetse liwiro, fumbi lingagwere tulasi wa mayi aja.