Galu wa Amai Daka m'Dzenje la Golide

Amai Consolata Daka anafika ku Sasare kuchokela ku Katete ali ndi mwana kumsana, amuna ao a Jonas atamva kuti kuno malo olima akalipo. Analima thonje, chimanga ndi nshawa, ana anakula n'kubalalika. Kenako a Jonas anafa ziwalo mbali imodzi, lilime linalemela, ndipo munda wonse unatsala m'manja mwa mkazi wao.

Amai Daka sanali kukonda agalu. Koma tsiku lina pochokela kuchigayo, kagalu koonda, kodzala nkhupakupa, kanawalondola mpaka pakhomo. Anakathamangitsa, iko kanakabisala pansi pa mpando wa a Jonas. Pa mau onse amene anatsala mkamwa mwa bambowo, amene ankatuluka bwino anali oyankhila moni, akuti "tilipo," ndiye kagaluko kanatenga dzina lomwelo.

Tilipo anakula n'kukhala galu wofiila, wamakutu ogwa. Amai Daka akanyamula khasu, iye anali kale panjila. Akalowa m'tchalitchi, ankawadikila pansi pa mtengo wa mango. Kumunda ankamuuza zonse zimene sakanafuna kuvutitsa nazo wodwala: za msana wowawa, za feteleza wochedwa, za mwana wa ku Lusaka amene anasiya kuimba foni. Galuyo ankangopendeketsa mutu, n'kumvela.

Munda wao unkathela pa tchile pamene anyamata ofuna golide anakumbapo maenje ambili, ena n'kuwasiya osakwilila. M'nyengo ya mvula udzu unkabisa pakamwa pa maenjewo. Tsiku lina, dzuwa litakwela, anyani analowa m'chimanga. Tilipo anawathamangitsa mpaka m'tchile akuuwa. Amai Daka anamva kulila kumodzi kwakuthwa, basi zii.

Anaponya khasu. Anaitana, osayankhidwa. Analowa m'udzu akufufuza pansi ndi ndodo mpaka ndodoyo inapita m'malele. Atagwada n'kukankha udzu, anaona maso awili akuwala pansi patali, ngati m'chitsime. Galuyo anali m'madzi ofika pamimba, mwendo wakutsogolo utapindika. Kumadzulo mitambo inali itada bii.

Anathamangila kumisasa ya anyamatawo. Mkulu wao anali Kabaso, wochokela ku Kitwe, ndipo anali pamodzi ndi Josphat, wa m'mudzi momwemo, akutsuka dothi m'beseni.

"Dzenje lija tinalisiya chifukwa linayamba kugumuka, amai," anatelo Kabaso. "Ndi mvula iyi, munthu sangalowemo."

"Ni galu chabe," anatelo Josphat. "Wathu ali ndi tiana, mailo nizakubweletselani kamodzi."

Amai Daka ananyamula chingwe chimene chinali pamtengo pamodzi ndi thumba la feteleza lopanda kanthu, n'kutembenuka. Amuna aja anayang'anana, kenako anawatsatila.

Poyamba anatsitsa ndowa, kuti mwina galuyo alowemo yekha. Tilipo anainunkha, anayesa kukwela, anagwa chagada akulila. Anayesanso, osatheka. Bingu linagunda pafupi, mphepo inayamba kugoneka udzu.

"Ine ndilemela," anatelo Kabaso. "Nikaponda khoma ili, lizamugwela galu, na ine pamodzi."

"Ine ndine wopepuka," anatelo amai Daka, akumanga chitenje cholimba m'chiuno.

"Amai, imani. Mukatsalila m'menemo, a Daka azawasamala ndani?"

Mau amenewo anawabaya. Anaima, chingwe chili m'manja. Anaona amuna ao ali pakhonde pamene anawasiya m'mawa, munthu wosatha ngakhale kutunga madzi akumwa. Pansi paja galu analila motsitsa, kulila kwa chinthu chimene chatopa.

"Ndimangeni," anatelo.

Kabaso anatukwana m'Chibemba, koma anagoneka chipika pakamwa pa dzenje kuti chingwe chisakhudze dothi la m'mphepete. Anawamanga m'khwapa, anakoka mfundo ndi mano, ndipo iye ndi Josphat anazika mapazi pansi.

Amai Daka anatsika. Kuwala kunachepa, fungo la dothi lonyowa linawatseka mphuno. Mizu inawakanda kumaso. Paliponse pamene phazi linagunda khoma, dothi linagumuka n'kuwalowa m'khosi. Anatseka maso akupemphela chamumtima mpaka miyendo inalowa m'madzi ozizila.

Tilipo anawanyambita kumaso, thupi lonse likunjenjemela. Koma pamene anagwila mwendo wothyokawo kuti amulowetse m'thumba, galuyo anawaluma padzanja, mano kulowa ndithu. Amai Daka anakuwa.

"Chachitika n'chiyani?" anafuula Kabaso kumwamba.

"Palibe!"

Anamugwila pakhosi, akumulankhula ngati mwana. "Ndine, iwe. Ndine. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu." Pang'onopang'ono galuyo anafewa, ndipo anamulowetsa m'thumba, mutu wokha uli kunja. Apo m'pamene anaona kuti kukwela atamunyamula sikukanatheka, dzenjelo linali lopanikiza. Anamasula chingwe m'khwapa mwao n'kumanga thumbalo.

"Kokani!"

Amuna aja atamva kupepuka kwa katundu anadziwa chimene chachitika. "Amai, mwamasula chingwe? Mwapenga?"

"Kokani, mvula yafika!"

Thumba linakwela likuzungulila, linatseka kuwala konse, kenako linazimilila. Madontho oyamba anawagwela kumaso, aakulu, olemela. Posakhalitsa madzi anayamba kutsika m'makoma ngati akuthila ndi ndowa. Kumbuyo kwao china chinalila ngati nsalu yong'ambika, ndipo chibuma chachikulu cha dothi chinawagwela kumiyendo, kuwakwilila mpaka m'mawondo. Anayesa kusolola phazi, osatheka.

Apo mantha anawagwila enieni. Sanaganizenso za galu. Anaganiza za a Jonas akuyang'ana njila mpaka kumada, osatha kuitana munthu, osadziwa kumene mkazi wao wapita. 

Chingwe chimene amuna aja anaponyanso chinawamenya pamutu. Dzanja lolumidwa linali lotelela ndi magazi, mfundo inakana kawili konse.

"Pitilizani pansi pa mikono!" anafuula Kabaso. "Zungulizaninso! Mwamanga?"

"Ndamanga. Koma miyendo yagwidwa."

"Gwilani zolimba, chizawawa!"

Chinawawadi. Chingwe chinawadya m'khwapa ngati chiwadula pakati, matope akukoka pansi, amuna akukoka kumwamba. Phazi limodzi linatuluka, linzake linatuluka jombo itatsala. Anakwela akugundika m'makoma, dothi likuwagwela m'maso, mpaka manja a Josphat anawagwila m'mapewa n'kuwagwetsela pa udzu.

Anagona pomwepo mvula ikuwamenya. Tilipo anadzikoka ndi miyendo itatu n'kuika mutu pamimba pao. Kabaso anakhala pansi, zikhatho zitasupuka, akupuma ngati wathamanga mtunda.

"Amai," anatelo, "musazanipemphenso chinthu chotele. Olo mailo, olo liti."

Josphat ananyamula galuyo paphewa mpaka kunyumba. A Jonas anali pakhonde pomwe paja, mvula itawanyowetsa mbali imodzi. Ataona mkazi wao ali matope thupi lonse, phazi limodzi lopanda jombo, anatsegula pakamwa. Josphat anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Bambowo anamenya mpando ndi dzanja lao lamoyo, anamenyanso, misozi ikutsika. Tsiku limenelo anakana kudya chilichonse chochokela m'manja mwa mkazi wao.

Kutacha amai Daka anapita kukiliniki, kumene anawatsuka bala n'kuwatumiza ku Petauke kukabaitsa jekeseni ya chiwewe. Galuyo anamumanga mwendo ndi timitengo, ndipo unapola mokhota. Mwana wao Juliet, wokwatiwa ku Nyimba, anabwela pa minibasi atamva nkhaniyo, ndipo sanakhale n'komwe pansi asanayambe.

"Amama, mufuna tikuikeni m'manda chifukwa cha galu? Atata mukanawasiyila ndani?"

Amai Daka sanadziteteze. Anati mwanayo akunena zoona. Juliet atafunsa ngati angachitenso zotelo, anasisita bandeji, kenako anati sakudziwa.

Mkwiyo wa a Jonas unatenga nthawi kuti uphwe. Ankatembenuza nkhope mkazi wao akamadutsa, ndipo galu akayandikila mpando ankamukankha ndi ndodo. Mkwiyowo unatha pang'onopang'ono, popanda wopepesa. Mvula itasiya, amai Daka anadula nthambi zaminga n'kutchinga maenje onse oyandikana ndi munda wao, Josphat n'kuwathandiza kukwilila lija linagumuka. Tilipo akali kupita nao kumunda, akutsimphina kumbuyo, koma anyani akalowa m'chimanga amai Daka amayamba am'manga pamtengo, n'kupita okha kukawathamangitsa ndi miyala.