Ndalama Imene Banki Anameza

Mkulu wanga ndi telala, ndipo mumsewu wathu aliyense amamutchula kuti Banki. Alendo amayesa kuti n'chifukwa cha chitini chake cha mabisiketi, chodzaza ndalama zachitsulo za maiko amene iye sanapondeko. Ayi ndithu. Dzinali analipata ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ine ndilipo.

Shopu imene akusokeramo lero inali ya bambo athu. Bambo anali munthu wa mawu ochepa ndi lamulo limodzi: chopezeka m'chovala cha kasitomala chibwerere kwa mwini wake, ngakhale chikhale chotokosera m'mano. Loweruka lina anatipatsa jekete la dalaivala wina wa malole kuti timasule ulusi pomwe thumba linabooka. Mumpendero mkulu wanga anapezamo kandalama kofiirira, koboola pakati, ka zilembo zokhotakhota zimene sitinazionepo kusukulu. Anaika diso pa kabowoko n'kumandisuzumira, nkhope yonse ili mwee.

"Ndikasunga lero lokha," anandinong'oneza. "Ukanena, ndikutsina."

Posakhalitsa bambo analowa. Diresi la mkulu wanga linalibe thumba, ndiye anakaponya m'kamwa.

"Mwapezamo kanthu?" anafunsa bambo.

Mkulu wanga anafuna kuyankha kuti ayi, ndipo ndinaona pakhosi pake pakuyenda. Maso anatuzuka. Bambo anatenga jekete n'kukhala pa makina, osazindikira kanthu.

Masana onse mkulu wanga anakhala njo pa benchi, dzanja lili pachifuwa. Ine ndinkaona ngati agwa nthawi ina iliyonse, ndipo anthu adzati ndamupha ndine chifukwa chokhala chete. Kutsinidwa ndinkakuopa, koma maliro ndinkawaopa koposa.

"Ababa," ndinatero, "achemwali ameza ndalama ya eni ake."

Makina anaima. Bambo sanafunse kawiri. Anamubereka mwana woti amatha kuyenda yekha, n'kuthamanga naye kuchipatala tepi yoyezera ikali m'khosi, ine ndikulira pambuyo.

Atamujambula, dokotala anakweza chithunzi chakuda pawindo. Pansi pa nthiti panali kanthu kozungulira, koyera mbee, kabowo kake kakuoneka bwinobwino.

"Yatsikira m'mimba," anatero dokotala. "Tidikire masiku atatu. Ikapanda kutuluka, kapena mwana akayamba kusanza, tidzamung'amba."

Bambo ankang'amba nsalu tsiku ndi tsiku, koma atamva mawu amenewo anakhala pansi.

Shopu inatsekedwa. Palibe anamukalipira mkulu wanga, ndipo zimenezo n'zimene zinatiopsa kwambiri, poti mwana amene sakukalipiridwa ndiye kuti zake zavuta. Akangotsokomola, amayi ankataya chimene agwira. Ntchito yofufuza ndalamayo m'chimbudzi chake ndi kandowa ndi kamtengo bambo anaitenga okha, munthu amene ankanyansidwa ngakhale ndi thewera. Tsiku loyamba anabwerako kuseri chimanjamanja. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu m'mawa amayi anali atalongedza kale bulangete ndi kapu m'chikwama chopita nacho kuchipatala, ndipo mkulu wanga anandiuza kuti akafa nditenge nsapato zake.

Kenaka kuseri kunamveka kulira kwa chitsulo m'ndowa.

"Yatuluka!" anakuwa bambo, ndi mawu amene sindinkawadziwa.

Wometa tsitsi wa khomo loyandikana nafe anasuzumira pampanda. "Eee, banki yatsegula!" Dzina linamatira pomwepo.

Lamulo ndi lamulo. Bambo anaiwiritsa ndalamayo katatu, n'kuipukuta mpaka kuwala. Dalaivala atabwera anamupatsa jekete lake, kenaka anamutambasulira ndalama ija n'kumufotokozera njira yonse imene inayenda, osadumpha ngakhale pamodzi. Dalaivala anabweza dzanja lake msangamsanga.

"Aa, achimwene, imeneyo yadzisankhira mwini wake. Mpatseni mwana."

Kuyambira pamenepo, akabwera ku maulendo ake ankamubweretsera zina, n'kumuchenjeza kuti, "Koma izi si zakudya, wamva?" Makasitomala ena anatengera, ndipo chitini chinayamba kulemera. Bambo okha sanachiyang'anepo chitinicho, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso mpaka tsiku lawo lomwalira chaka chatha. Mkulu wanga anakula akuwaopa, ndipo chitini ankachitsegula iwo akachokapo.

Titaika maliro tinayamba kukonza m'shopu. M'kabokosi ka makina, pansi pa singano ndi choko, tinapeza envelopu yothimbirira. M'kati munali chithunzi chija cha kuchipatala, m'makona mwake mutaperepeseka ndi zala. Mkulu wanga anachikweza pawindo monga anachitira dokotala, ndipo kandalama kanali pomwepo pansi pa tinthiti take.

"Ine ndinkati anandikwiyira zaka zonsezi," anatero, n'kukhala pa mpando wawo kulira ngati mwana.

Ndalama za m'chitini amalola aliyense kuzigwira, ngakhale yoboola ija. Envelopu ili pansi pa chitinicho, ndipo ngakhale ine sandilola kuikhudza.