Mapilisi Amene Ambuya Anamana Mnansi

Ndikukumbukila chaka chimene ambuya anga anatchuka kuti ndi oumila. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala awili kunja pang'ono kwa Nyimba, pamene njila yochokela kumadimba imatulukila pa msewu waukulu. Amai anga anamwalila ndisanayambe sukulu, ndipo atate sindinawaone. Ndinakula wosalankhulalankhula. Ambuya ankanditchula mkazi mnzawo, monga amasewelela ndi adzukulu aakazi, ndipo ankati Tionenji pakamwa anapaiwala m'mimba, koma maso anatenga a anthu awili.

Tinkadyela nthochi. M'mawa ambuya ankayala phava la nthochi pathebulo la nsungwi m'mbali mwa msewu, ndipo basi ya ku Chipata kapena ya ku Lusaka ikaima, mawu awo ndiwo ankayamba kufika pawindo. Thebulo loyandikana nalo linali la amake Dalitso, mnansi wathu, mai wa msinkhu wa amai anga. Iwo ndiwo ankandiluka tsitsi Loweluka lililonse, mutu wanga uli pakati pa maondo awo, manja awo akununkha sopo ndi utsi. Pakati pa nyumba zathu panali kanjila kosamela udzu chifukwa cha mapazi. Mchele, moto, sefa, mafuta ophikila, zonse zinkadutsa pamenepo. Kwathu kupempha mchele si manyazi. Manyazi ndi kumana.

Ambuya anali ndi chilungulila chachikale. Akadya zamafuta kapena tsabola, amene ankamukonda kwambili, moto unkakwela kuchokela m'mimba mpaka kukhosi, ndipo ankalavula madzi owawasa. Ankangoti, “Pamtima paniotcha.” Ankasungunula soda wa thelele m'kapu n'kumwa, n'kugeya, koma posakhalitsa moto unkabwelela. Kuchipatala sakanapita akanapanda kusasa mawu. Tsiku lina basi inaima, iwo anatsegula pakamwa, ndipo panangotuluka kamphepo. M'mawa mwake tinakwela minibasi.

Adokotala a ku kiliniki anawafunsa zambili. Kodi chakudya chimatsika bwino pomeza? Kodi akuonda? Kodi chimbudzi chinayamba chakhalapo chakuda? Kodi pali mankhwala ena amene akumwa? Atamaliza ndi pamene anawalembela mapilisi. Anati limodzi m'mawa asanadye kanthu, kulimeza lathunthu ndi madzi, osatafuna, osalitsegula, kenako kudikila pang'ono asanadye. Akatha, abwelele kuti akawaonenso.

Ambuya sankadziwa kuwelenga, choncho malangizowo anawasandutsa ntchito za m'mawa. Akadzuka ankameza pilisi, n'kutenga tsache, ndipo bwalo likayela ndi pamene ankamwa tiyi. Anaika njelwa pansi pa miyendo ya kumutu kwa bedi, anasiya kugona atangodya, ndipo tsabola anamusiya akudandaula ngati atsazikana ndi m'bale. Tsiku lina tinalawila kumalilo ndipo anaiwala kumwa. M'mawa mwake ndinawafunsa ngati amwe awili, kuti abweze la mailo. Kwathu mawu akuti mailo amatanthauza dzulo komanso mawa.

“Mailo ake ati?” anatelo. “Amene anapita anapita nalo pilisi lawo. Amene akubwela ali nalo lawo. Lelo ni limodzi.”

Mawu awo anabwelela, ndipo msewu wonse unadziwa kuti ambuya ake Tionenji apeza mankhwala amphamvu.

Masana ena amake Dalitso anafika kuchokela kudimba ndi dengu pamutu. Analitula, n'kukhala pansi, dzanja lili pachifuwa. Azimai ena ogulitsa analipo.

“Amai, nipatseniko limodzi la mapilisi anu aja. Pamtima panivuta na ine.”

Ambuya anasiya kukonza nthochi n'kuwayang'ana.

“Awe, amake Dalitso. Aja sinipatsa munthu.”

“Limodzi chabe, amai. Si inu munachila nawo?”

“Ninachila nawo chifukwa ni anga. Pamtima panu sinipadziwa. Tiyeni ku kiliniki, nizakupelekezani.”

“Pamtima ni pamtima,” anayankha amake Dalitso, nkhope itasintha. “Kapena wanu ni wachizungu?”

Mai wina wa thebulo lakumapeto anaseka n'kunena mokweza kuti ambuya akwatiwa ndi mapilisi, ndiye chake sagawana mwamuna. Onse anaseka, kupatula awiliwo. Amake Dalitso ananyamula dengu lawo n'kusamutsila nthochi zawo kutsidya la msewu.

Kuyambila pamenepo udzu unayamba kumela pa kanjila kaja. Kuchitsime azimai ankasiya kulankhula ndikafika. Loweluka linafika ndipo palibe anandiitana. Ambuya anayesa kundiluka okha ndi zala zawo zouma, mizele n'kukhota ngati njila ya ku Luembe, ndipo kusukulu anandiseka. Sindinalile chifukwa cha tsitsi. Ndinalila chifukwa mwana wamasiye amadziwa kuti anthu omukonda ndi ochepa, ndipo ndinkaona mmodzi akundichoka chifukwa cha kanthu kochepa ngati nyemba.

Tsiku lina tikusenda nsawa pakhonde ndinalimba mtima.

“Ambuya, limodzi chabe likanakusaukitsani?”

Sanakwiye. Anataya makoko pansi n'kunena mofatsa.

“Unalipo paja. Unamva mafunso amene ananifunsa asananipatse? Ine mafunso aja siniwadziwa kufunsa. Nikamupatsa, azati wamwa mankhwala, ndipo ku kiliniki sazapondako. Ngati ni matenda ena, azakula ali phee. Bola aninyoze ali moyo.”

Pamenepo ndinanena zimene maso anga anali atasunga. Ndinati pamtima pa amake Dalitso si ngati pa ambuya. Ambuya pankawaotcha akadya kapena akagona. Amake Dalitso pankawagwila akamakwela chitunda cha kudimba atasenza dengu. Ankaima, n'kutsamila mtengo, n'kusisita mkono wamanzele, thukuta lili kamukamu ngakhale kuli mphepo.

Ambuya anasiya kusenda.

“Mkazi mnzanga, nanga sunanene bwanji?”

“Simunanifunse.”

Anayambanso kusenda, koma ndinaona kuti nsawa zija sakuziona.

Mapilisi awo anali pafupi kutha, ndipo tsiku lobwelela ku kiliniki linayandikila. Madzulo ake anamanga chitenje chatsopano, n'kuponda udzu wa pa kanjila kaja, ine ndili pambuyo. Anaima pakhomo pa amake Dalitso.

“Odi kuno! Nabwela kupempha. Mailo nipita ku kiliniki. Munipelekeze.”

Amake Dalitso anatuluka, manja ali m'chiuno.

“Lelo mwadziwa kupempha? Tionenji alipo.”

“Tionenji ni mwana. Nikagwa panjila azaninyamula na chani?”

Kwathu munthu angathe kukukwiyila chaka chonse, koma wodwala akakupempha kuti umupelekeze kuchipatala, sukana. Ukakana, dzina lako limaipa kuposa la woumila. Ambuya ankadziwa zimenezi, ndipo amake Dalitso ankadziwa kuti ambuya akudziwa. Anangoti, “Nizabwela,” n'kulowa m'nyumba.

Kutacha tinakwela minibasi tonse atatu. Titatsika, panali kamtunda kokwela kupita ku kiliniki, ndipo amene ankaimaima kuti apume sanali wodwala wopelekezedwayo. Ambuya ankanamizila kukonza patapata kuti awadikile.

Dzina la ambuya litaitanidwa, anagwila dzanja la amake Dalitso ngati la mwana wofuna kuthawa, n'kulowa nawo.

“Adokotala, mapilisi anga atha, koma yambani na uyu. Akuti pamtima ni pamtima.”

“Amai, mwanichenjelela!” anatelo amake Dalitso, koma mpando anali atakhalapo kale.

Adokotala anamwetulila n'kuuza amake Dalitso kuti aloze ndi chala pamene pamawawa, ndipo anene nthawi imene pamayamba. Anawamanga chopimila pamkono, n'kumvetsela pachifuwa. Kumwetulila kuja kunatha. Anati magazi awo akuthamanga kwambili ndipo mtima weniweni ukulema, choncho apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Anaonjeza kuti mawu akuti pamtima amawabweletsela anthu a matenda osiyanasiyana, ena a m'mimba, ena a mtima, ndipo pilisi la wina silithandiza mnzake. Kenako anaona ambuya, n'kuwauza momwe achitile ndi mankhwala awo tsopano popeza moto unali utazilala, ndi zizindikilo zimene akaziona asachedwe kubwela.

Ambuya sananene kuti ndinakuuzani. Anavula chitenje chatsopano chija n'kufunditsa amake Dalitso pamapewa, ndipo anakhala nawo pabenchi kufikila amuna a amake Dalitso atafika panjinga.

Amake Dalitso anagonekedwa masiku angapo. Atabwela sanaonekele msanga, ndipo ine ndinkangoyang'ana kanjila kaja. M'mawa wina, ambuya ali ndi tsache m'manja, tinamva odi. Anali iwo, ataonda pang'ono, kapu yapulasitiki ili m'manja.

“Nipatseniko mchele, amai.” Anatambasula kapu ija. “Mchele chabe, musaope.”

“Mchelewo adokotala sanakuletseni?”

“Anati pang'ono.”

“Ndiye pang'ono.” Ambuya anatapa ndi nsonga za zala zitatu n'kuponya m'kapu.

Amake Dalitso anasuzumila m'kapumo.

“Kuumila simunasiye, amai.”

Anaseka onse awili mpaka ambuya anatsamila tsache, akupukuta misozi. Kenako amake Dalitso anaona mutu wanga, n'kugwila pakamwa.

“Mayo! Ndani wamuchita izi mwana? Iwe, tenga chipeso. Loweluka lili kutali.”

Ambuya anatisiya ndili kale wamkulu. Kufikila kumapeto, chilungulila chikabwelela ankapita kukaonedwa kaye, ndipo sanamwepo pilisi la munthu wina kapena kupatsa munthu lawo. Amake Dalitso alipo mpaka lelo, ndipo amamwa mankhwala awo a mtima tsiku lililonse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wabwino ndi amene sakana kanthu. Ambuya anali ndi dzina labwino, ndipo kwa nkhalamba yolela mwana wamasiye dzinalo ndilo linali chuma chawo. Analolela kulitaya pamaso pa msewu wonse, osati chifukwa ankadziwa matenda a mnansi wawo, koma chifukwa anavomela kuti sakuwadziwa. Tsopano inenso ndili ndi mankhwala anga m'kabati, ndipo mnzanga akandipempha limodzi, ndimavala nsapato n'kumuuza kuti tiye ndikupelekeze.

Pa tsiku la ukwati wanga ambuya kunalibe. Koma m'mawa wa tsikulo ndinakhala pansi pa mphasa, mutu wanga uli pakati pa maondo a amake Dalitso, ndipo manja amene anandiluka anali omwe aja, onunkha sopo ndi utsi. Ali mkati moluka anaima, n'kunena chapansipansi ngati akulankhula ndi munthu amene ali pakhomo.

“Akananipatsa pilisi lija, lelo ukanalukidwa na ndani?”