Kubzala ndi Kuzika

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anali mu Giredi 5, pasukulu yawo ya m'mbali mwa msewu wa ku Chipangali anayambitsa kalabu ya zachilengedwe. Lachisanu lililonse ana ankaphunzirira panja, ndipo iye ankabwera kunyumba mapazi ali mbuu, akutchula maina a mitengo imene ine ndinaiwala kale. Ndinayamika Mulungu, pakuti ntchito yoyamba imene anapatsa munthu inali yosamala munda.

Mu Okutobala mjigo wa pasukulu unawonongeka, mbande zonse za kalabu n'kuuma. Posakhalitsa kunamveka kuti alendo amene anapereka mbewu ndi timachubu tofeseramo akubwera kudzaona nkhalango ya ana. Aphunzitsi a kalabu anatuma ana kuphiri ndi zikwanje. Anakasadza nthambi za masuku, mitengo yamoyo imene inali itayamba kale kubereka, n'kudzazizika m'mizere kuseri kwa makalasi. Nthambi iliyonse anaikonzera kabeseni ka dothi, n'kuthirapo madzi otunga kudambo.

Madzulo ake mwana wanga anandipeza ndikutongola chimanga.

"Amama, andisankha kuti mawa ndikalankhule. Ndikanene kuti mitengo iyi tabzala tokha. Kodi si tchimo?"

"Mwabzala kapena mwazika?"

"Tazika."

"Ukanene zomwezo. Nsichi timazika, mtanda wa pamanda timazika. Chobzala chimakhala ndi mizu."

M'mawa ndinapita naye, ndipo ndinakumana ndi aphunzitsiwo akuwaza madzi pamasamba kuti asaoneke ofota. Ndinawafunsa mwaulemu ngati ndi zimenezi afuna ana aphunzire. Anaseka.

"Mayi, inu ndi mapemphero anuwo. Alendo akaona pouma sabweranso. Tsono mjigo atikonzera ndani, angelo?"

Makolo tinakhala pamabenchi. Tonse tinkadziwa, chifukwa zikwanje zija zinachokera m'nyumba zathu. Apampando a komiti ya makolo, amene amatiwerengera Mawu kutchalitchi, anatsegula ndi pemphero lothokoza Mlengi chifukwa cha mitengo yatsopanoyi. Anthu anati Ameni, ine ndikuyang'ana nthambi zija. Ndinakumbuka mkuyu uja wa m'Malemba, wa masamba okhaokha opanda chipatso, koma uja unali ndi mizu yake.

Mwana wanga anaimirira, yunifomu yochapa, manja kumbuyo. Anayang'ana ine, kenaka aphunzitsi ake.

"Alendo athu olemekezeka, mitengo mukuionayi tabzala tokha."

Anatchula bwino, mopanda chibwibwi. Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kuimba nthungululu. Pamenepo ndinaona kuti alendowo sankamva Chinyanja n'komwe. Wina ankajambula ndi foni, wina ankadzikupiza ndi chipewa, ndipo womasulira anali atapita kugalimoto kukatenga madzi akumwa. Bodza lija silinafike m'makutu mwawo. Linagwera ife eni ake, ndipo tinaliombera m'manja.

Alendowo anamupatsa mwana wanga sikipa yobiriwira yolembedwa Chingerezi. Pobwerera tinadzera kuphiri kuja, kumene mitengo ya masuku inaima yodukaduka, timasuku tosakhwima tili mbwee pansi. Iye anali patsogolo, akudumphadumpha m'sikipa yofika m'maondo.

"Amama, mwaona? Palibe chachitika. Amadamu a kalabu akuti alendo ena akabwera ndidzalankhulanso ine."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndikanayambira pati, poti akulu onse amene amawalemekeza anali atangomuombera m'manja? Kuchokera tsiku limenelo sanandifunsenso ngati chinthu ndi tchimo.