Tepi ya achimwene

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, achimwene anabwerera ku Nachisaka akudwala, kuchokera ku Joni. Chuma chawo chinali tepi imodzi ya nyimbo za roko, magitala ake olira ngati chigayo. Ankati nyimbozi zinayambira m'matchalitchi a anthu akuda ku Amereka. Ine, mlembi wa kwaya, ndinkangochita manyazi anthu akamadutsa tepiyo ikulira. Achimwene atagonekedwa kuchipatala ku Dowa, ndinajambula nyimbo za kwaya yathu pa tepi yawoyo, mawu anga pamwamba pa onse.

Atatuluka anafunsa, "Tepi yanga ili kuti?"

"Wailesi inaidya, achimwene."

Anangotembenukira kukhoma. Sanathe mwezi, anamwalira.

Tepiyo ndikadali nayo. Kwaya ikamaliza Ameni, gitala imalira pang'ono, kenako tepi n'kutha.