Mpunga wa Kilombero walowa sukulu

Mwaswera bwanji nonse? Imvani za lero.

Nyumba tikufuna kugula kuno kunja, ku Small Heath, ija taikonda, koma a ejenti ogulitsa nyumbawo akuti sukulu yabwino ija imatenga ana a tsidya lina la msewu. Mbali yathuyi ayi.

Amuna anga amvekere, "Zazing'ono izi, ndikaonana ndi ahedi." Avala suti, anyamula mpunga wa Kilombero munatitumizira uja, amayi.

Abwerako chimanjamanja. Ahedi awauza kuti malo amagawa ndi a khansolo, poyeza mtunda wochokera kunyumba kukafika kusukulu. Koma mpungawo athokoza kwambiri, auponya m'bokosi la chakudya cha osowa!

Tsidyalo ikugulitsidwa nyumba imodzi yokha, yodontha denga. Tigule yomweyo kodi? Amayi, tiyankheni. Mpunga wanu wapeza malo, mdzukulu wanu Tadala sanapeze.